Mutu Womira

Papepala la oda ndinalemba ndekha:
M20, utali mamilimita makumi asanu ndi awiri,
mazinga okhakhala, mutu womira,
onse akhale khumi ndi anayi.
A Jerevaziyo analitalikitsa pepalalo ndi maso awo,
nati, "Utaliwu wayambira pati kuyeza?"
Ndinati pakhosi.
"Uyu si bawuti wa ngolo, Felizi.
Mutu wake umalowa m'chitsulo, uwerengere limodzi."
Ndinafufuta ndi chala cha girizi,
pepala linada, ndinayambanso.

Anabwera patatha milungu itatu kuchokera ku Beira,
m'kabokosi konyowa ndi mafuta,
akuda bii,
aliyense wolemera ngati kachewere wa kwathu ku Tsangano.
Ndinamuika mmodzi pachikhatho:
pamwamba pali see, kabowo ka ngodya zisanu ndi imodzi,
pansi khosi lopendekeka ngati fanulo.

Okutobala wa ku Moatize sakambirana ndi munthu.
Isanakwane naini chitsulo chayamba kuluma,
thukuta likulemba mizere m'fumbi la malasha pamkono,
Revubwe ali apo, waonda, sangatithandize.
Tinalowa m'mpita momwe malasha amatsetsereka,
awiri, ndi chimbale chachitsulo chatsopano,
mabowo khumi ndi anayi akutiyang'ana.

Kumanga sikuyenda mondondoza ngati ana a sukulu.
Umayamba pakati,
kudumphira kutsidya, kubwerera, kupingasa,
pang'ono uku, pang'ono uko,
kuti chimbale chigone chonse nthawi imodzi.
Kiyi wa thwelofu alowe mpaka pansi pa kabowo,
ukamugwira m'milomo mokha
ngodya zimatha, bowo limasanduka mwezi,
ndiye udzalira ndi chiboolero tsiku lomasula.
Sipanala yoyezera ikati kha, leka.
Mphamvu zotsalazo upite nazo kwanu.

Wachisanu ndi chinayi anakana kumira.
Anatsala kunja pang'ono pokha,
ngati kukhuthala kwa chikhadabo.
Ndinamukanikiza, ndinamutukwana chamumtima,
kenako ndinapakapo fumbi ndi nsapato.
Njala inali itandigwira m'mawondo,
sitima ya ku Nacala inali italira kale kawiri,
ndipo maso a mkuluyo, tonse tikudziwa,
anayamba kuchita nkhungu chaka chatha.

Sanayang'ane n'komwe.
Anagwada, navula gulovu,
nayendetsa chala chachikulu pachimbale
monga mayi afufuza msabwe m'mutu mwa mwana.
Woyamba, wachiwiri, anadutsa.
Pa wachisanu ndi chinayi chala chinaima.

Sanakalipe. Bwenzi zitandipepukira.
Anangoti, "Malasha alibe maso ngati ine,
koma akampeza.
Adzamumenya usana ndi usiku mpaka mutu kuduka,
chimbale chidzayamba kuvina,
ndipo wodzalowa muno usiku ndi tochi
mwina sudzakhala iwe."

Ndinamasula.
M'mphepete mwa bowo munali kachitsulo kotsalira,
ndipo mbale yake yolandira mutu inali yosaya.
Ndinatenga chosemera cha madigiri makumi asanu ndi anayi,
pang'onopang'ono, ndi dontho la mafuta,
zinyenyeswa zikutuluka zopotana ngati tsitsi,
kuyesa, kuchotsa, kusemanso,
mpaka anakhala pansi ngati mlendo wozolowera pakhomo.
Ndinaika lula pamwamba pake.
Kuwala sikunapeze podutsa.

Chakudya ndinachipeza chitazizira,
ngati chinthu chingazizire ku Moatize.

Mwezi watha tinalowanso m'mpitamo, makina atazimitsidwa.
Malasha apukuta chimbale chija, chikuwala ngati mpeni,
timabowo tadzaza fumbi,
mitu yonse yasowa m'chitsulo.
A Jerevaziyo anagwada, bondo linalira,
chala chinayenda kuchokera uku kukafika uko
osaima.
"Unali uti uja?" anafunsa.
Ndinawerenga kuchokera kumanzere, ndinasokoneza,
ndinayambira kumanja.
Iwo anali atavala kale gulovu,
akufunsa ngati ndasunga kiyi wa thwelofu
kapena ndamusiyanso padzuwa.